Mfutso wa M'siling'i ndi Nyenyezi za Mkamwini

Lolemba, naini koloko m'mawa, mwezi wa Meyi, chaka chachiwiri cha korona

Ndakhala pansi, tiyi pambali, mdzukulu wanga Tadala wagona. Mwana wanga Esnart wapita kuchipatala ku Fremantle kokabaya anthu jakisoni. Mkamwini ali ku Welshpool kokweza katundu. Ine ndinabwera kuno kutsidya la nyanja kudzaona khanda miyezi itatu yokha, ndege n'kuima. Pano khandalo likuyenda, likundikanira ndi m'Chingerezi momwe.

Nkhani ya sabata ino ndi nyenyezi. Kuno nyumba amazipatsa nyenyezi ngati asilikali. Ikamasunga kutentha nthawi yozizira, ikamapanda kuwotcha m'chilimwe, ikamadya magetsi ochepa, imalandira zambiri. Mwezi watha mkamwini anaitana anyamata a kampani, anayala timatilesi tachikasu pamwamba pa siling'i, nyumba yonse. Lachisanu kukubwera wodzaweruza. Mkamwini akufuna zisanu ndi imodzi, poti Amayi Zulu a ku Chipata, anzanga a kutchalitchi, satipatsa mtendere: "Ya mwana wanga ili na sikisi, amai. Sikisi!" Ngati anakazithyola okha kumwamba.

Ine yanga ndi ina. Nkhwani wanga kuseri kwa nyumba, masamba oti munthu n'kufunda! Koma mvula yayamba. Kuno imagwa nthawi yozizira, dziko lozondoka. Ndikapanda kufutsa sabata ino, zonse ziola. Ndipo ndinalonjeza kale amayi a Mvano asanu ndi atatu mfutso weniweni, wa dzanja la ku Dedza.

Ndiyanike kuti?

Lachiwiri

Malo amene andikaniza:
Pakhonde lakumaso. Esnart akuti aneba andijambula.
Pa kapinga. Mvula, nkhono.
Pamwamba pa galimoto ya mkamwini. Sindinafunse, nkhope yake inayankha kale.
Mu uvuni. Mfutso wa mu uvuni? Ndili ndi abale ine.

Ndikukolopa m'kolido, ndikweza maso, kachitseko m'siling'i! Makwerero ali m'garaja. Mawondo akudandaula, koma ndakwerapo nkhokwe zazitali kuposa pamenepa. Ndalowetsa mutu. Mouma gwa, mopanda mphaka, mopanda aneba. Kwathu mbewu timasunga kutsindwi. Apa ndiye tsindwi lachizungu, anthu angolisiya lopanda ntchito.

Chovuta ndi timatilesito. Tofewa, katoni sikhazikika. Ndatikankhira uko ndi ndodo ya mopu, tinayi tokha. Ndawiritsa masamba, ndafinya, ndayala pa makatoni atatu. Makwerero ndabweza pamalo pake penipeni.

Sukulu ndinalekeza sitandade fili, koma mutuwu!

Lachitatu

Nzeru zanga zikundiopsa ndekha. Pamene ndachotsa timatilesi, siling'i ndi yofunda ngati msana wa ng'ombe. Kutentha kwa hita kukukwera, kukubowola, kukuumitsa masamba anga. Bwanji sanandiuze kuti timatilesito ndi tomwe timatchinga?

Ndamanga ndodo ya tsache kunsonga ya mopu. Ndakankha tina mpaka pamwamba pa balaza. Makatoni asanu ndi awiri tsopano. Hita ndaipotokola mpaka kumapeto.

Koma manja! Akuyabwa ngati ndakumbatira chitedze. Esnart waona ndikukanda, nthawi yomweyo kamfuti kake koyezera kutentha kali pachipumi panga. "Amayi, simukutsokomola? Fungo mukumva?" Ndamuuza kuti ndi sanitaiza wawoyu, wandidya khungu.

Mkamwini akudya atavala jekete. "Nyumbayi ikuzizirabe bwanji, titaika zonse zija?" Ine maso m'mbale. Mpongozi salowerera za denga la mkamwini. Kwathu akanakhala iye pakhomo panga, ine n'kumamuloza podontha. Kuno khomo ndi lake, ndiye ulemu wanga ndi kukhala chete. Ulemu umathandiza nthawi zina.

Lachinayi

Dongosolo langa linali loyera: lero onse akachoka, nditsitse mfutso, ndibweze timatilesi, mawa munthu wa nyenyezi apeze zonse zili m'malo.

Tadala wadzuka ndi mamina.

Mamina okha! Kwathu timapukuta ndi nsonga ya chitenje, basi. Kuno ndi mlandu. Amutengera kokamuzika kathonje m'mphuno, ndipo mpaka yankho litabwera palibe wotuluka. Esnart ali pakhomo. Mkamwini ali pakhomo, wakhala m'balaza, pansi penipeni pa makatoni anga. Makwerero ndikungowaona pawindo.

Mwanayu amaseweretsa zidole m'kolido momwemo. Ndamuveka majuzi awiri, ndamubereka tsiku lonse. Za kumene chimfine chachokera sindilemba.

Amayi Zulu pa foni, m'Chinyanja chawo chotchula mawa kuti mailo: "Mailo ni mayeso, ka? Musade nkhawa, na folo ni nyenyezi." Ndawauza kuti malemu amuna anga ankafolera udzu wokhuthala zikhatho ziwiri. Juni wa ku Dedza tinkagona ndi bulangete limodzi, Okutobala tinkalowa m'nyumba kukapuma dzuwa. Nyumba imeneyo akanabwera woweruza, nyenyezi zikanamuthera m'thumba.

Lachisanu

Yankho lafika m'mawa: si korona. Ambuye alemekezeke! Ndiye munthu wa nyenyezi abwera ndithu. Ambuye, mwayankha mopitirira.

Thu koloko. Mzungu wamtali, masiki kukamwa, nsapato wavulira pakhomo. Waleredwa. Wayeza mawindo, wagwiragwira zitseko. Kenako watulutsa kamera yoona kutentha. Kutentha kumaoneka, anthuni!

Kuchipinda, siling'i yonse mtundu umodzi. Kukhitchini, chimodzimodzi. M'kolido ndi m'balaza, chigamba chabuluu chachikulu ngati mphasa ziwiri, m'mphepete mwake mokhotakhota momwe inkafikira ndodo yanga.

Mkamwini wafiira maso. "Anyamata aja andinamiza! Asiya pakati osayala!" Foni ili kale m'manja. Ana a eni, anagwira ntchito yawo bwinobwino, ndinawaphikira tiyi ndekha.

Ndatsokomola. Onse anditembenukira, poti masiku ano chifuwa chimaimitsa msonkhano. Ndati, "Bambo a Tadala, foniyo ayambe aiika pansi."

Ndaloza kachitseko kaja. Mzungu wakwera, watsika ndi katoni. Akuyang'ana masamba, akuyang'ana mkamwini, ngati wapeza fodya wamkulu uja. Esnart wangonena liwu limodzi: "Amayi." Ndaimirira, ndakonza duku. "Ndi nkhwani. Muuzeni kuti ndi ndiwo."

Mzungu akufotokoza, Esnart akumasulira. Akuti denga lili ngati bulangete, likabooka pakati kutentha konse kumathawira pomwepo, hita n'kumangodya magetsi kufunditsa matailosi a padenga. Ndati ndikudziwa, n'chifukwa chake ndinaboola. Mzungu waseka mpaka masiki kutsika. Akuti ambiri amawafotokozera ola lathunthu osamva, agogowa anazitulukira okha. Esnart sanafune kumasulira pamenepo, ndachita kumukakamiza.

Mmene ziliri lero: nyenyezi zinayi. Tikabweza timatilesi adzabweranso.

Folo. Pakamwa pa Amayi Zulu m'poopsa.

Loweruka

Mkamwini ali m'denga chiyambire m'mawa, magolovesi, masiki, tochi pachipumi. Sanandinene. Wangoima patali mwaulemu, manja kumbuyo: "Amayi, makwerero ndawamanga ndi loko." Kunditukwana kukanakhala bwino.

Ine mtima uli pa mfutso. Wauma bwino, wobiriwira, fungo lake la kwathu lenileni. Ndayamba kugawa m'timapepala, kasanu ndi katatu.

Esnart watenga tsamba limodzi, wapita nalo pawindo. Likunyezimira. Timatilesi tija akuti ndi ulusi wa galasi, n'chifukwa chake manja aja ankayabwa. Tagwera pa katoni iliyonse. "Amayi, mukufuna mukadyetse Mvano yonse mabotolo?"

Makatoni asanu ndi awiri, m'bini. Ndakataya ndekha, sindinalole wina agwire.

Amayi Zulu: "Namvela ati folo? Pepani, amai. Nanga ka mfutso kanga?"

Lamulungu

Mvula usiku wonse. Nkhwani wotsala wagona m'matope, watha.

Kutchalitchi amayi asanu ndi atatu, aliyense ndi kachikwama kopanda kanthu. Ndawauza zoona, nditaimirira. Aseka mpaka abusa kusuzumira.

Kunyumba n'kofunda, ndivomere. Hita ili pa wani, mkamwini wavula jekete, Tadala akuyenda chosavala sokosi, mphuno youma. Timatilesito timagwira ntchito. Ndi udzu wa amuna anga womwewo, angouchotsa ulemu n'kuuthira chitedze.

Chaka chino tidya sipinachi wa m'shopu, womveka ngati madzi m'kamwa. Basi.

Esnart, ndikudziwa umawerenga kabuku kano ndikapita kosamba. Jambula masamba onse, utumize ku gulu la amayi pa foni, iwonso apatsire aliyense amene mayi ake akudikira ndege kuti abwere kuno. Adziwiretu: zachikasu za m'denga sakhudza. Koma usadule pamene mzungu ananditama. Ndipo Amayi Zulu uwatumizire paokha. Sikisi yawoyo anachita kupatsidwa. Ine nyenyezi ziwiri ndinazithyola ndekha, ndi ndodo ya mopu.