Nkhope Yanga ndi Swala ya Apongozi

Chithunzi chija chikadali pakhoma mpaka lero, ndipo anthu amaganiza kuti mkanganowo ndinapambana ine. Akanadziwa.

Ntchito yanga kuno ku Cuamba ndi yojambula zikwangwani: mitu ya anthu pometera tsitsi, nkhuku ndi mabotolo pamabaraka, timagolosale ta m'mbali mwa msewu. Tsiku lina zinandikwana. Ndinatenga tinta, utoto wotsalira m'zitini, thabwa ndi galasi la mkazi wanga, n'kudzijambula ndekha. Sindinkafuna nkhope ya pachiphaso ayi, ndinkafuna zioneke za mumtima. Chipumi ndinapaka chobiriwira, maso ofiira, limodzi lalikulu (pa linalo tinta inandithera). Ndinachipachika pabalaza moyang'anizana ndi khomo, ndipo ndinanyada kwambiri.

Mkazi wanga anapirira masabata awiri. Kenako tinamva kuti bambo ake akubwera kuchokera ku Mandimba. Ine ndine Mkhristu, kwawo ndi Asilamu, ndipo apongozi anga saphonya swala, mapemphero awo.

"Muchotse chinthu chanuchi," anatero mkazi wanga. "Bambo saswali m'chipinda momwe muli chithunzi cha munthu."

"Akanena okha ndichotsa."

Kunena zoona ndinkalakalaka atanena. Munthu wamkulu kupempha kuti chichoke ukanakhala umboni woti ndinajambuladi munthu, zomwe mkazi wangayu ankakana kuyambira tsiku loyamba.

Apongozi anatsika chapa, minibasi ya kuno, masana, anamwa madzi, nthawi ya swala n'kukwana. Asanayale mkeka wawo anayang'ana makoma onse. Analoza kalendala yokhala ndi wosewera mpira, mkazi wanga anaitembenuza. Analoza chithunzi cha ukwati wathu, iye anachiphimba ndi nsalu ya kapulana. Ndiye anaima patsogolo pa changa, anavala magalasi, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Ine manja ndinali nditatambasula kale kuti ndichitsitse mwaulemu.

"Chisiyeni, mwananga," anatero mofatsa. "Choletsedwa n'chofanana ndi cholengedwa cha Mulungu. Ichi chilibe vuto."

Anaswali mosatekeseka, mkazi wanga atathawira kukhitchini (akuti chinali chifuwa). Atamaliza ndinalimba mtima.

"Bambo, pathabwapa ndine."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso thabwalo. "Munadwala liti? Bwanji osatiuza?"

Zinandiwawa, sindibisa. Koma ndagula kale chitini china cha tinta yofiira. Ine ndikuonabe kuti chinasokoneza n'diso laling'ono lija basi.