Sinapushoti Yandidyera Chinkhoswe cha Mlamu

Lolemba

Mvula yamawawa, masamba a tiyi akufika kufakitale ali chinyowere, koma ine mtima uli m'malo. Ndikuweruka ku ofesi, ndikupeza Che Yusufu, wojambula makanema wa pa Makwasa, akundidikira ndi kadi ya m'kamera, momwe muli kanema wa chinkhoswe cha mlamu wanga Esnati. Apongozi anali atagonekedwa m'chipatala tsiku la chinkhoswelo, sanaone kalikonse. Lamulungu akubwera kuchokera ku Thekerani kudzaonera pa TV yanga. Yanga!

Ndikukopera kanema mu seva, kompyuta yakale imene esiteti inataya. M'kati mwake ndinamangamo kompyuta ina yongoyerekeza, ndipo m'menemo muli kontena, kachipinda ka pulogalamu yoonetsa makanema. Mkazi wanga, amake Tadala, amati ndi mbaula yosaphikira.

Ndikudina sinapushoti Che Yusufu akuona. Ndikuwafotokozera: seva yadzijambula mmene ilili panopa, chikalakwika china ndimangoibwezera pomwepa. Iwo: "Ndiye kadiyi ndifufute? Loweruka ndili ndi ukwati." Fufutani, achimwene!

Za sabata ino:
- kuika pulogalamu yatsopano mu kontena
- kupukuta TV
- kuonetsa akuchikazi kuti mkamwini wawo ndi munthu wa mutu

Lachiwiri

Pulogalamu yatsopano yalowa. Ikukana kudzuka. TV ili bii!

Wina akanatuluka thukuta. Ine ndikumwa tiyi kaye, kenako ndikubwezera seva ku sinapushoti ya dzulo. Zonse zabwerera, dzina la kanema lili pamalo pake. Ndikuitana amake Tadala adzaone zodabwitsa. Iwo: "Nyemba zikupserera."

Mneneri salemekezedwa kwawo.

Lachitatu

Ndikuti ndiuonereko kanema uja. Sukutseguka. Ndikudinanso. Sukutseguka. Ndikuyang'ana kukula kwake: kachidutswa, sikafika ndi pakati pomwe!

Kani Lolemba ndinadina sinapushoti kukopera kusanathe. Yajambula dengu wothyola tiyi akadathiramo masamba. Kanema wathunthu unamaliza kulowa nditadina kale, ndiye dzulo pobwezera paja seva yaukolopa yokha.

Mlandu ndi wa ndani?
- wa sinapushoti, imene inaona kuti zinthu zikulowabe koma osatsokomola n'komwe
- wa amene anailemba
- wa Che Yusufu, amene anaimirira kumbuyo kwanga ngati kapitawo

Chisevachi chimandifunsa "mukutsimikiza?" ndikafuna kufufuta chithunzi cha galu. Pa chinkhoswe cha munthu, zii!

Kunyumba sindinanene.

Lachinayi

Ndili pakati powerengetsera masamba a m'munda wakumtunda, maganizo akuti gwa: kontena nayo imadzijambula payokha m'mawa uliwonse. Ya Lachiwiri m'mawa ilipo, ndinaisungitsa pambali! Ndikupempha bwana kuti ndipite kuchipatala. Ndikuthamanga m'kanjira ka m'tiyi, thalauza lanyowa mpaka m'mawondo.

Ndikuitsegula. Pulogalamu ilimo, mitundu imene ndinasankha ilimo, ngakhale dzina langa lilimo. Chikwatu cha makanema: mbee, mulibe kanthu. Akuti chikwatucho chimakhala kunja kwa kontena, kontena imangosuzumiramo, ndiye sinapushoti yake sichikhudza. Akuti zinalembedwa m'malangizo. Zinalembedwa pati? Pansi penipeni, timalemba tonga nyerere!

Mlonda wolondera chitseko, mbava zikutulutsa katundu pawindo.

Amake Tadala: "Bwanji simukudya? Mbaula yanu yadwala?"

Lachisanu

Ndikufunsa pa intaneti, pagulu la anthu a maseva a kunyumba. Ndikulemba Chingerezi changa cha pa Sande. Mayankho akugwa ngati matalala, onse mawu amodzi: sinapushoti si bakapu, kope yosunga padera. Wina akufunsa ngati ndili ndi kope ina pa disiki ina, m'nyumba ina. Nyumba ina! Iyi yomwe ndi ya esiteti!

Wina wachifundo akuti ndiyese pulogalamu yofukula zofufutidwa. Ikuyenda bwino, ikufika patali, magetsi phethi. Akuyakanso. Disiki ikulira ngati nkhululu. Masinapushoti anga onse ali pa disiki yomweyo, akulirira limodzi.

Esnati akuimba foni: "Alamu, mayi asoketsa chilundu chatsopano cha Lamulungu. Abwera ndi azakhali awiri."

Ndikuti takulandirani.

Ndawauza amake Tadala. Sanakalipe. Angondiyang'ana, kenako ayang'ana seva, kenako atenga ndowa kupita kumpopi. Kukalipa kukanakhala bwino.

Loweruka

Kabaza mpaka pa Makwasa, matope mpaka m'khosi. Che Yusufu ali pakhomo la holo, kamera paphewa, akujambula akwati a eni. Kadi ija ili m'kati mwa kameramo, ikumeza ukwati wa anthu osawadziwa pamwamba pa Esnati!

Iwo: "Achimwene, munati fufutani. Ndinakufunsani kawiri." Kawiri kapena kamodzi, munthu waluso amamvera kasitomala aliyense?

Achibale amene anajambula pa foni: mmodzi foni inagwera m'chitsime, wina anajambula mkazi wake yekha akuvina.

Madzulo ndikukakamiza kachidutswa kaja ndi pulogalamu yokonzera makanema oduka. Katseguka! Ndikukaika pa fulashi, disiki ya seva isanafe. Muli:
- anyamata akuyala mipando
- mkulu wina akuti "wani, thuu" pa maikolofoni
- galu
- nsapato za Che Yusufu

Esnati mulibe. Mwamuna wake mulibe.

Lamulungu

Afika. Apongozi m'chilundu chatsopano, azakhali awiri, Esnati ndi mwamuna wake. Ndikuyatsa TV. Ndikufotokoza za sinapushoti, palibe akundiyang'ana.

Mipando. Wani, thuu. Galu. Nsapato. Basi.

Apongozi akuloza TV ndi ndodo. Akuti ndibwereze. Ndikubwereza. Iwo: "Mipando inalipo yambiri ndithu." Kenako akunena kanthu m'Chilomwe, azakhali akugwa nako kuseka. Chilomwe changa n'chochepa, koma dzina langa ndalimva.

Akudzuka pang'onopang'ono, akugogoda ndodo pansi: "Esnati, kavale diresi lija. Inu, sunthani matebulo. Ndinaphonya kamodzi, kawiri ayi."

Pabalaza pasanduka bwalo. Azakhali atenga mbali ya ankhoswe, aneba alowa okha, amake Tadala akuimba ng'oma pa ndowa. Tambala ndi thadzi zopatsana agwira m'khola langa. Apongozi akuvina ndi ndodo yawo, misozi ili mbwembwembwe.

Ndikutulutsa foni kuti ndijambule. Apongozi, osatembenuka n'komwe: "Ameneyo musamupatse chodina chilichonse. Agwire nkhuku."

Ndagwira nkhuku chinkhoswe chonse. Sinathawe.