Ayi, Tavomera

Lolemba

Ndabwerako ku maphunziro a masabata awiri, mutu uli phamphu. Nkhani yake: momwe mphunzitsi angachitire kafukufuku pasukulu pake pomwe popanda kupondereza munthu. Alangizi a zoni yathu andipatsa ntchito. Ndiphunzitse anzanga, tichite kakafukufuku kathu, Loweruka ndikaime pamaso pa aphunzitsi a zoni yonse ndi zomwe tapeza. Sukulu imene ichite bwino ikaonetsa zake ku boma. Masiku asanu. Akwana!

Ana aweruka, ndasonkhanitsa atatu anga:

a Gondwe, a Sitandade 7, kwawo ku Kaluluma, amavomera usanamalize funso;
Mayi Mbewe, a Sitandade 2, zaka makumi awiri pasukulu pano, mwana aliyense amamudziwa mpaka agogo ake;
Mayi Chisale, a Sitandade 5, ntchito ayamba chaka chomwechino. Amayankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa munthu.

Funso lathu: n'chifukwa chiyani ana safunsa mafunso m'kalasi? Tikhala kumbuyo m'kalasi ya Mayi Chisale n'kumamvetsera, kenako ticheza ndi ana.

Pa bolodi ndalemba malamulo atatu.
1. Munthu adziwe chimene akulowamo.
2. Dzina lake libisike.
3. Ali ndi ufulu wokana, ndipo akakana palibe chimene chimuonekere.

Lamulo lachitatuli ndalifotokoza mphindi makumi anayi. Ndawauza kuti ine ndine wachiwiri kwa ahedi, malipoti a ntchito yawo amadutsa m'manja mwanga, choncho "eya" wonenedwa kwa ine tizimukayikira. Amva onse. Pomaliza ndafunsa Mayi Chisale ngati akulola kuti tikhale m'kalasi mwawo.

"Palibe vuto, madamu." Maso ali pa nsapato.

Avomera! Tayamba bwino.

Lachiwiri

Makalata opempha chilolezo kwa makolo. Ndamasulira ndekha kuchoka m'buku la ku maphunziro kuja. Pamwamba ndalemba zilembo zikuluzikulu: KAFUKUFUKU. Pansi: Kodi mukulola kuti ticheze ndi mwana wanu?

A Gondwe akuti tiike timabokosi tiwiri, ka eya ndi ka ayi, munthu angochonga. Ndakana. Kholo si mbuzi yoti uiuze kuti lowa khola ili kapena ilo. Tisiye mzere, aliyense ayankhe m'mawu ake. Ndafotokoza chifukwa chake bwinobwino, ndi zitsanzo zitatu. Mayi Mbewe amagwedeza mutu nthawi yonseyi, ndazindikira mochedwa kuti akusinza.

Makalata 64 apita ndi ana.

Ndimati lero tikakhaleko pang'ono mu Sitandade 5, ana atizolowere. Mayi Chisale akuti ali ndi kamayeso. "Mawa, madamu." Mphunzitsi wakhama ameneyu!

Lachitatu

Belu lisanalire, pakhomo la ofesi pali bambo Kamanga, kholo la mu Sitandade 5. Achokera kuchigafa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya, njinga aigoneka pansi osaiimika n'komwe.

"Madamu, tangondiuzani chimene waba. Ndikathana naye ndekha, apolisi asabwere."

Ndaiwala! Kumudzi kuno kafukufuku amachita ndi apolisi, mbuzi ikasowa. Ndawapatsa mpando. Ndafotokoza ola lathunthu: palibe wakuba, palibe wapolisi, tikungofuna kuphunzira. Aimirira, apukuta manja pa buluku.

"Ooo! Ayi, ngati zili choncho, ayi ndithu."

Akwera njinga, ulendo. Ndatsala ndi cholembera m'mwamba. Avomera? Akana?

Kenako makalata abwera. Ena mwa mayankho:

"Ayi, tavomera."
"Ayi, zili bwino aphunzitsi."
"Ayi, mwanayo ndi wanu."
"Ayi zikomo." (Zikomo wothokoza kapena zikomo wokana?)
"Chabwino, tamva. Tiona."
Imodzi yabwera theka. Theka linalo amalume apichira fodya.

Ndadzifotokozera ndekha, poti ena onse akugubuduka ndi kuseka. Kwathu kuno "ayi" ndi kachitseko kamene munthu amatsegula asanatulutse mawu okoma. Ukafunsa wodwala wochira amati ayi, ndili bwino. Ukapatsa munthu nkhuku amati ayi, mwatithandiza. Wokana weniweni sanena ayi. Amati tiona. Amati tamva. Amati mawa.

Koma buku likuti: pamene pali kukayika, werengani kuti munthuyo wakana, kapena mubwerere mukamufunsenso. Mayi Mbewe akuti, "Ndipatseni kuno, ndikuuzani mmodzimmodzi, malembedwe awo ndimawadziwa onse." Ndiye dzina labisika pamenepo? Kubwerera nako n'kosatheka. Ino ndi nyengo yosoka fodya, makolo ali m'zigafa kuyambira kuno mpaka ku Simlemba.

Zocheza ndi ana zagwa. Palibe kanthu. Ticheza ndi aphunzitsi okhaokha, n'kukaonerera mmene Mayi Chisale amaphunzitsira.

A Gondwe sananene chilichonse za timabokosi. Angojambula tiwiri pa tebulo ndi choko, n'kutuluka akuimba mluzu.

Lachinayi

Lamulo lachiwiri: kubisa maina. Aliyense ndamupatsa chilembo. Mphunzitsi A, B, C.

A Gondwe akufunsa chifukwa chimene iwo ali B. Ndafotokoza kuti zilembozi si magiredi a fodya. Sizinawakhutitse. Atamva kuti dzina lawo silituluka, adandaulanso: "Nanga mawu anga okomawa anthu adziwa bwanji kuti ndi anga?"

Ndacheza ndi aliyense payekha, ndalemba ndendende mmene wayankhulira, monga buku likunenera. Kenako ndalakwitsa chinthu chimene ndinawachenjeza Lolemba: ndasiya kope pa tebulo n'kupita kukamwa madzi. Pobwera ndapeza ahedi akuwerenga, misozi ili mbwembwe ndi kuseka.

"Mphunzitsi B akuti, 'Ana ine sandiopa yayi, amandikonda chomene.' Adepute, mukamuona B ameneyu mumupatse moni wa ku Kaluluma."

Wa A nayenso wayamba ndi "Pa zaka zanga makumi awiri pasukulu pano." Wa C wayankha mafunso onse asanu ndi mawu awiri: "Zili bwino."

Ndikakonza mawu awo, sakhalanso awo. Ndikawasiya, ali ngati ndalemba dzina, mudzi ndi mfumu. Pa anthu atatu chinsinsi chibisala kuti? Ndang'amba masambawo pamaso pawo, ndapepesa. A Gondwe apempha tsamba lawo kuti akasunge.

Chatsala chimodzi: kalasi ya Mayi Chisale. Lero anali panja ndi ana, akuti phunziro la zomera. Ndasuzumira m'kalasi mwawo muli matchati atsopano khoma lonse, mpaka kuseri kwa chitseko.

Mayi Mbewe andinong'oneza potuluka, akuloza Mayi Chisale: "Mtsikana uja chiyambire Lolemba sakudya pa buleki. Inu simukuona?"

Ndafika kunyumba, ndatsegula buku ndikulembamo lino, ndawerenga za Lolemba. Palibe vuto, maso pa nsapato. Za Lachiwiri: mawa, madamu. Za dzulo, zolemba ine ndemwe: wokana weniweni amati mawa.

Mayo ine!

Lachisanu

Mawa ndi ku zoni. Ndikapanda kukhala m'kalasi muja lero, ndipita chimanjamanja. Ndikangolowa ndi mpando wanga Mayi Chisale sandibweza, ndikudziwa. Andisesera ndi pokhala pomwe.

Ndanyamula mpando. Pakhonde ndauika pansi. Mayi Chisale atuluka, avala suti ya pa intaviyu, dzuwa lonseli.

Ndayamba kufotokozanso kuyambira lamulo loyamba. Ndisanafike patali andidula. Iwowa! Kundidula ine!

"Madamu, ndifunse nawo. Lamulo lachitatu lija ndi loona, kapena ndi la pa bolodi chabe?"

Ndati ndi loona.

"Lipoti langa silisintha?"

Ndati silisintha, ndipo ngati akufuna, la chaka chino alembe ahedi okha.

"Ndiye ayi."

Ndadikira. Ayi, tavomera? Ayi, palibe vuto? Ngolo yodzaza fodya yadutsa kumsewu, ng'ombe zikukoka mwaulesi, yafika mpaka pa mlatho. Ndikudikirabe. Palibe chikubwera. Ayi yekhayekha, wopanda mchira! Zaka zonse ndakhala pantchitoyi sindinamumvepo wotere kuchokera kwa wamng'ono kupita kwa wamkulu.

Atsegula pakamwa kuti apereke chifukwa. Ndati chifukwa n'chawo, asunge. Ndawagwira chanza ndi manja awiri. Akundiyang'ana ngati ndapenga.

Ndabwerera ndi mpando wanga pamutu. Ahedi akuti, "Mwamaliza kale?" Ndati kafukufuku wagwa. "Nanga mukusekerera chiyani?"

Pa buleki Mayi Chisale adya chinangwa chawo chonse ndi theka la cha Mayi Mbewe.

Loweruka

Ku zoni. Anzathu abwera ndi matchati amitundumitundu. Sukulu ina ya ku Njombwa yacheza ndi ana onse tsiku limodzi, onse anavomera, onse anati sukulu ndi yabwino. Anawafunsa ndi ahedi awo.

Nthawi yanga. Pepala langa lili ndi mizere itatu:

Makalata 64, osadziwika ngati akuvomera kapena akukana.
Macheza atatu, ong'ambidwa.
Kukana kumodzi, komveka bwino.

Ndafotokoza za "ayi" wathu ndi "tiona" wathu. Holo yonse kuseka, ena akugundana zigongono. Bambo wina kumbuyo wakuwa, "Wakanayo ndani, timuone?" A Gondwe atsegula pakamwa. Mayi Mbewe awaponda phazi. Mayi Chisale akuyang'ana kudenga ngati mlendo wongodutsa. Dzina labisika! Kamodzi kokha sabata yonse, koma labisika!

Alangizi aimirira, akonza tayi. "Ayi, mayi, mwayesetsa." Ndafunsa za kupita ku boma.

"Zimenezo tiona."

Ndamva.

Lamulungu

Ku boma kupita a ku Njombwa. Chifukwa chimene ana safunsira mafunso sitikuchidziwabe, ngakhale ndili ndi kakuganiza kanga: mwina palibe amene anawauzapo kuti lamulo lachitatu ndi loona.

Zimene ndatsala nazo:
fomu yatsopano, ya timabokosi tiwiri (a Gondwe ndiwauza mawa, ndipirira);
mawu oti "kafukufuku" ndafufuta, ndalemba "kufuna kuphunzira";
mpando wanga.

Potuluka m'tchalitchi bambo Kamanga andikokera pambali. "Madamu, zija munkafufuza zija, mwamugwira ndani?" Ndayamba kufotokoza, akazi awo awakoka.

Mayi Chisale andipatsa moni akundiyang'ana m'maso. Akuti temu yamawa mwina ndingabwere, koma andiitana okha.

Kenako amayi a kumpando a chigwirizano andiima kutsogolo, Baibulo kukhwapa. Ulembi wanga wa m'chigwirizanomo ndinati chaka chino ndikutula, wandikwana, zaka zisanu ndi chimodzi. Akuti asowa wina, ndipitirizeko.

Ndakumbuka khonde lija. Ndapuma mpweya. Ndawayang'ana m'maso. Ndati, "Ayi."

Adikira.

"...palibe vuto, amayi."

Msonkhano uliko Lachinayi. Ndipite ndi cholembera changa.