Fyuluta ya Felesiya

Lolemba
Kwatentha kuyambira m'mawa. Galimoto ya mkazi wanga Felesiya ili pansi pa mtengo wa nimu chiikireni maliro ake. Nkhuku yayamba kuikira mazira kumbuyo kwake.

Loweruka tikukagawa zovala zake kwawo ku Ndamera. Amayi ake saonanso, koma kulira kwa injini iyi amakudziwa ikadali kumsewu. Ndawalonjeza kuti zovalazo zibwera pa galimoto yomweyi, ikalire pakhomo pawo kamodzinso.

Vuto ndi ili. Kuchipatala Felesiya anati, "Musaiyendetse musanasinthe oilo ndi fyuluta." Zaka zonsezi wokwawira pansi pake anali iye, ine ndili pakhonde ndi buku. Koma kuwerenga ndimatha, ndipo buku la galimoto ndalipeza. Zofunika:
oilo
beseni
sipanala
mtima

Lachiwiri
Ndatsegula kabokosi ka fyuluta yatsopano kamene anasiya m'kabati. Pepala! Ndimayembekezera chitsulo, koma ndi pepala lachikasu, lopindapinda ngati siketi ya mwana wasukulu, pakati pali chibowo. Chigoba chake chachitsulo chimakhala pa injini mpaka kalekale, mumangosintha pepalalo.

Bukuli likuti oilo amakankhidwa kuchokera kunja kwa pepala kulowa m'kati. Fumbi ndi tizitsulo tonyenyeka zimatsalira m'mapindomo, woyera yekha ndiye amapita kukafewetsa injini. Chigalimoto chokoka ndi mawilo onse anayi, chowoloka matope a Febuluwale, moyo wake uli papepala! Ndakhala pansi. Tiyi wazizira.

M'bokosimo mulinso kamphira kozungulira ngati chibangili. Ndakaika m'thumba la malaya.

Lachitatu
Oilo wakale ndamukhetsa. Beseni ndinaliika pabwino, koma oilo ali ndi maganizo ake. Theka m'beseni, theka m'khwapa.

A Nyamphota, oyandikana nafe, asuzumira pampanda: "Aphunzitsi, mwagwa kapena mukupemphera?"

Chivundikiro cha fyuluta chakana kutseguka. Felesiya anali ndi dzanja. Ndachilankhula mwaulemu. Ndachilankhula mwa mtundu wina. Nkhuku yachoka.

Lachinayi
Chatseguka! Fyuluta yakale yatuluka yakuda bii, yolemera. Ndaicheka ndi mpeni n'kutambasula pepalalo pakhonde, ndipo lafika kuchokera pachitseko mpaka pamtondo. Zonsezo zinapindidwa m'kanthu kokwana m'dzanja! M'mapindo muli mwaye ndi tonyezimira ting'onoting'ono. Fumbi la ku Ngabu kumene ankagula mbuzi. La ku Bangula. La ulendo wathu womaliza wokwera Thabwa, iye akuimba mosokoneza mawu dala kuti ndimukonze.

Ndawerenganso ichi: pepala likatsekeka ndi litsiro, pali kachitseko kamene kamatseguka kokha, oilo n'kumadutsa chomwecho wosasefedwa. Akuti injini ikhoza kuyenda ndi oilo wakuda, koma popanda oilo imafa. Amene anaganiza zimenezi sindimudziwa. Ndikanamugwira chanza.

Lero sindinapitirize.

Lachisanu
Pepala latsopano lalowa bwino. Bukuli likuti: chotsani kamphira kakale pachivundikiro, ikani katsopano. Ndakagwira kakaleko. Anakaika ndi Felesiya, ndi zala zake, atakapaka oilo. Sindikachotsa. Ndaika katsopano pamwamba pake. Awiri amathandizana, si choncho?

Ndamanga. Ndathira oilo watsopano, woyera ngati uchi. Ndaliza injini. Yalira! Mawu ake omwe aja! Ndaima nditagwira boneti, maso ali chuu.

A Nyamphota: "Aphunzitsi! Ikukodzatu!"

Ndazimitsa msanga. Oilo yense ali pansi pa nimu, akuyenda pang'onopang'ono kulowera ku khola.

Makaniko ndamuimbira. Ali ku maliro ku Malemia, abwera Lolemba. Akuti, "Mamphira awiri? Ngakhale pa ukwati sitivala mphete ziwiri chala chimodzi, bambo. Musailizenso."

Loweruka
Tapita pa njinga zamoto ziwiri. Ine ndi sutikesi patsogolo, chikwama cha zitenje pambuyo. Njira yonse ndikukonza mawu opepesera.

Apongozi ali pamkeka. Atchera khutu kumsewu nthawi yaitali.

"Galimoto ya mwana wanga ili kuti?"

Ndagwada, ndawapatsa manja onse awiri, ndayamba kufotokoza za kamphira. Sakumvetsera. Atembenuza manja anga, akupapasa zikhadabo, awafikitsa pamphuno. Ndinasamba ndi sopo, ndi phulusa, ndi mchenga, koma oilo sanachoke.

"Felesiya," atero. Anunkhizanso. "Ndi mmene ankafikira kuno. Takhuta, mwananga." Ndiye zikomo wa kwawo kuno.

Sanandisiye manja mpaka zovala zonse zagawidwa. Zimene wina aliyense watenga sindinaone.

Lamulungu
Galimoto ili pomwe inali. Nkhuku yabwerera. Pansi pa nimu ndathirapo mchenga.

Mawa makaniko achotsa kamphira kakale. Ndimupempha andipatse, asakataye. Pepala lakuda lija ndalipinda bwinobwino, lili pa shelefu pakati pa mabuku, ndipo ladetsa kale awiri.

A Nyamphota andibweretsera ndimu, akuti imachotsa oilo m'zikhadabo. Ndathokoza kwambiri. Ndafinyira mu tiyi.