Tsiku Limene Ndinakana Chingwe

Mpaka lero ndikaona munthu akukama ng'ombe mtima umandiwawa. Ndikudziwa kuti ng'ombe sinalakwe, koma mtima sumva zimenezo.

M'zaka za m'ma 1990, kwathu ku Palabana, katswiri wokwera mitengo ndinali ine. Wofuna kupachika mng'oma wa njuchi, wofuna kudula nthambi yoopseza denga, onse ankagogoda pakhomo panga. Kenaka kunabwera mphunzitsi wachinyamata ndi zingwe zake, n'kumati kukwera miyala ndi masewera, ndipo tsiku lina dziko lonse lidzawakonda ngati mpira. Anapeza thanthwe lalitali kuseri kwa minda, anakhoma chitsulo pamwamba chodutsapo chingwe, n'kulengeza mpikisano. Wopambana apita naye ku Lusaka kukaonetsa luso. Ine ndinasitiratu malaya anga oyera.

Vuto linali Ba Tembo, neba wanga, kamunthu koonda kokama ng'ombe pafamu ina. Ngakhale mtengo wa mango unkawakanika, koma zala zija, zokama m'mawa ndi madzulo, zinkamata pamwala ngati za buluzi. Loweruka lililonse ankapita kukayeserera. Ine ayi (katswiri ayesererenji?).

Amene anandithira tsabola m'maso ndi mkazi wanga. Tsiku lina akutula ndowa anati, "Batate ba Jeni, mwabaona Ba Tembo mwamene bakwelela? Monga sibalema."

"Nanga ine?"

"Imwe ni mitengo chabe."

Mawu akuti "chabe" amenewo ndinagona nawo sabata yathunthu. Ndinachita nsanje, sindibisa.

Tsiku la mpikisano Ba Tembo anakwera atamangidwa chingwe m'chiuno, mphunzitsi atagwira pansi. Atafika pamwamba mkazi wanga anaimba nthungululu (nditamukhomera nyumba ya malata sanaimbe yotero). Itakwana nthawi yanga, mphunzitsi anabwera ndi chingwe chija.

"Munimangilenji? Ndine mbuzi ine?"

"Ba mudala, ni lamulo. Kulibe chingwe, kulibe mpikisano."

Ndinamukankhira pambali, n'kuvula nsapato, n'kuyamba. Kunena zoona ndinakwera bwino. Mkwiyo unkandikankha kumbuyo, ndipo ndinafika pamwamba msanga kuposa Ba Tembo. Ndinakweza manja kuti mkazi wanga aone. Kenaka ndinayang'ana pansi.

Abale, mtengo umaukumbatira n'kutsetsereka nawo. Thanthwe ulikumbatira pati? Timaenje tonse tomwe ndinapondamo pokwera tinali titasowa. Kumbuyo kunali phompho. Apa m'pamene ndinazindikira kuti chingwe chija n'chotsikira.

"Selukani manje, taona!" anakuwa mkazi wanga, kundiuza kuti nditsike.

"Niyangana minda pang'ono!" ndinayankha.

Minda imeneyo ndinaiyang'ana mpaka dzuwa linafika pamutu, mwala n'kuyamba kundiotcha mapazi. Anthu anakhala pansi m'mithunzi, ena anatuma ana kukaitana anzawo. Mayi wina anayamba kugulitsa mandasi.

Mapeto ake anakwera ndani? Ba Tembo, chingwe china chili paphewa. Sanandiseke, ndipo chimenecho ndicho chinandiwawa kwambiri. Anandimanga m'chiuno mofatsa, akundisisita pamsana.

"Osayopa, neba. Na kathole kakagwela mu mugodi, timakamanga so."

Ananditsitsa ndikuzungulira m'malere ngati thumba la chimanga, maso nditatsinzina. Mapazi atagunda pansi ndinamva nthungululu yachiwiri, ndipo sindinafunse kuti inali ya yani.

Lolemba m'mawa ndinabisala kuseri kwa khola, kuonerera Ba Tembo akupita kukakwera minibasi ya ku Lusaka. Anatchena mochititsa kaso, malaya oyera ositidwa bwino, aakulu pang'ono m'mapewa. Ndinathamangira m'nyumba kukaona pamsomali pomwe ndinapachika malaya anga aja.

"Nabapasa," anatero mkazi wanga, osasiya kusesa. "Banakupulumutsani. Ndipo imwe muyenda kuti?"

Ndimauzabe aliyense kuti pamwamba ndinafika msanga ndine. Palibe amatsutsa. Amangofunsa kuti ndinatsika bwanji.