Mano a Magweru

Pulani yonse inabadwira pa botolo lachitatu. Magweru, yemwe mano ake awiri akutsogolo anatsalira pampanda wa eni ake chaka chatha, anali atangodandaula kuti bwenzi lake lanenetsa kuti popanda mano, ukwati wa Loweruka kulibe. Magweru ankamukonda zenizeni mkaziyo, ndipo mantha anali atamugwira.

"Zazing'ono izo, aise," anatero Pulofesa, mkulu wa gulu lawo la akuba, amene sukulu ankangoidutsa panja. "Dokotala wa mano uja amasunga titaniyamu. Chitsulo chosachita dzimbiri, ukachiika m'nsagwada fupa limachikumbatira lokha. Tikanyamule bokosi lonse. Awiri ako, otsalawo tigulitsa."

Anagunditsa mabotolo ngati alemera kale.

Mawa lake masana Pulofesa analowa m'chipatalamo atagwira tsaya, akubuula mwabodza kuti dokotala atanganidwe naye. Dokotala atasuzumira m'kamwamo anapezadi dzino lobooka, n'kulizula pomwepo. Kukuwa kwa Pulofesa kunali kochokera pansi pa mtima, moti Sipanala, wachitatu wawo, anatuluka ndi bokosi m'jekete popanda womuona.

Atakalitsegula kuseri kwa galaja, munalibe dzino ngakhale limodzi. Munali tizitsulo tonga timasikuluwu ta wailesi.

"Nanga manowo?" anafunsa Magweru.

"Amamera pambuyo pake," anayankha Pulofesa, thonje lili kukamwa. "Sipanala, mmange munthuyu."

Sipanala atangosolola sikuludiraiva yadzimbiri, Magweru anatsomphola bokosi lija n'kuliyatsa liwiro. Ali m'njira, nzeru zinamubwerera, zochepa zomwe anali nazozo. Wodziwa kumanga tizitsuloti analipo mmodzi yekha.

"Adokotala, zipangizo ndabwera nazo ndekha," anatero akupuma wefuwefu. "Inu mungondimangira basi."

Dokotala anayang'ana bokosilo, chidindo cha chipatala chake chili mbee pamwamba.

"Mwachita bwino, bambo. Wakupatsani ndani?"

"Anzanga, ali kugalaja uko. Wina ndi uja mwamuzula masanayu. Nayenso mumuikireko limodzi."

"Tiwaitana onse. Khalani apa, yasamulani, musatseke."

Magweru anayasamula mosangalala kwa theka la ola, akudziona akumwetulira pazithunzi za ukwati. Pakamwa anatseka atamva unyolo kuzizira pamkono. Pulofesa ndi Sipanala anali kale m'galimoto ya apolisi panja.

"Koma adokotala, pofika Loweruka ndikhala nawo manowo?"

"Fupa limatenga miyezi ingapo kuti ligwire chitsulocho."

"Miyezi si vuto," anatero wapolisi akumudzutsa pampando. "Tikupatsani yambiri."