Njinga Ndinagula, Mlandu Uli Lolemba

Kwa Olemekezeka a Nduna Yoona za Kusiya Mafuta,

Bwana, ndagwira mwendo wanu, mundilole ndikubereni mphindi zochepa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndine mphunzitsi wamba wa sayansi, wa choko m'zikhadabo, mmodzi mwa anthu atatu kapena anayi amene anamva zimene munalankhula pa wailesi n'kuzichitadi. Munati fuko lisiye kuyamwa petulo ngati mwana wokana kuleka bere. Mawuwo anandilowa mpaka m'mafupa. Sabata yomweyo ndinaimika kagalimoto kanga kuseri kwa nyumba, momwe nkhuku za akazi anga zikuikira mazira tsopano, n'kugula njinga. Lero ndili ndi makalata awiri a chenjezo chifukwa chochedwa ku ntchito, ndipo Lolemba likubwerali komiti ya sukulu ikhala pansi kuona ngati ndikuyenerabe kuphunzitsa ana a eni. Ndiye ndati ndisanachotsedwe, ndiyambe ndathokoza.

Choyamba, zikomo chifukwa cha njira ya njinga imene munatitsegulira. Tsikulo ndinalipo. Munabwera ndi magalimoto khumi ndi anayi, njinga yanu ili pa lole yakeyake, yokutidwa bwinobwino m'pulasitiki kuopa fumbi. Munapalasa mamita makumi awiri, abambo awiri a masuti atakugwirirani chishalo, ife m'manja phwaphwaphwa. Njirayo ndi yokongola, yopakidwa penti wobiriwira ngati msipu. Kavuto kake n'kakang'ono: imayambira pa chikwangwani cha nkhope yanu n'kukathera m'ngalande. Ndaiyeza, ndi mapazi mazana atatu. Ku sukulu ndi makilomita asanu ndi anayi. Kotsalako ndimalimbirana msewu ndi malole, moti alamu anga, amene ndi namwino, akuti andisungira kale bedi la pafupi ndi zenera.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha mdipiti wanu. M'mawa uliwonse wapolisi amatiimika pa mphambano kuti mudutse bwino popita kukalimbana ndi mafuta. Timaima mphindi makumi awiri, injini za anzathu zikulira, utsi uli tolo, ife a njinga tikuumeza osalipira. Nthawi imeneyi yandithandiza kuchita kafukufuku. Galimoto yachitatu imanyamula chikwama chanu chokha. M'yachisanu mumakhala dalaivala yekha, akutafuna chingamu, chimenenso, mukhululukire uphunzitsi wanga, gwero lake ndi mafuta omwewo.

Chachitatu ndi kalata imene munatumiza m'masukulu yoti tichepetse zinthu zopangidwa kuchokera ku mafuta. Ahedi athu, amene ana amawatcha a Belu, anandiuza kuti ndilembe mndandanda wa zinthuzo. Ine kupusa kwanga ndinalemba zoona: mipando ya pulasitiki, mabolopeni, ndowa, zidendene za nsapato, phula la mumsewu, ngakhale wigi ya a sekilitale. A sekilitale sandipatsanso moni. Koma mipando ndiyo inaona zakuda. Yonse makumi asanu ndi limodzi inaunjikidwa kuseri kwa labu kuti itenthedwe, ndipo popeza inkachedwa kuyaka, mlonda anaithira malita asanu a petulo. Utsi wake unaoneka tauni yonse. Ana akukhala pa njerwa, koma lipoti linafika kwanu loti sukulu yathu ndi yoyamba kumasuka ku ukapolo wa mafuta. Satifiketi imene munatitumizira taimata kale m'pulasitiki kuti isanyowe.

Ndisaname, zokoma ziliponso. Mimba yaphwa, lamba ndamuboola mabowo awiri atsopano, ndipo akazi anga akuti ayamba kuzindikiranso munthu amene anawafunsira uja. Kuti petulo adzatha tsiku lina ndi zoona, ndimaphunzitsa zimenezi chaka ndi chaka, ndipo njingayi sindiisiya. Kungoti a Belu amaima pa geti, wotchi ili m'manja, ndipo wotchi sidziwa za tsogolo la dziko. Nditawauza kuti ndimachedwa chifukwa chomvera boma, anandiyang'ana kuyambira ku chipewa mpaka ku buluku langa lopisira m'sokosi, n'kunena kuti nawonso boma amalimvera, koma amalimvera ali m'galimoto.

Pempho langa, bwana, ndi limodzi ndipo silolemera. Mubwere Lolemba mudzandiikire umboni. Musavutitse madalaivala anu, nawonso apumeko. Njinga ndakubwerekerani kwa aneba anga okonza nsapato. Mabuleki akumbuyo amagwira, akutsogolo amafuna pemphero. Tidzanyamukire limodzi pakhomo panga hafu pasiti sikisi, inu patsogolo monga mtsogoleri, ine pambuyo monga mwa nthawi zonse. Mukakafika pa geti belu lisanalire, ndidzalemba ndekha kalata yosiya ntchito, komiti isataye nthawi. Mukakachedwa, musade nkhawa. Chenjezo loyamba silipweteka kwenikweni, ndipo ndidzakuonetsani posainira.

Ine wanu wopalasa mokhulupirika,

Mphunzitsi wa Sayansi,
Kalasi yopanda mipando